Tsiku limene ndinakhala mlongo wa mwamuna wanga

Okondedwa achemwali Asiyatu,

Asalamu aleikumu. Kuno ku Mayani kwacha ndi chifunga, phiri silikuoneka, zala zachita dzanzi. Ndikulemba m'mawa uno mwana wanga Sakina atapita kusukulu. Kaya inu muli bwanji ku Limbeko, pamodzi ndi alamu ndi ana? Ife tili bwino, amayi okha ndiwo akudandaula mawondo.

Mukundidziwa, pakamwa panga mpolemera. Nchifukwa chake ndatenga pepala.

Amuna anga a Swaleyi atakwatira Fiona, mphunzitsi uja, sindinakane, poti chipembedzo chimalola. Masiku ankagawa bwino, awiri kwanga, awiri kwake. Fiona sanandinyozepo.

Mwezi watha kunabwera azungu a bungwe limene a Swaleyi amagwirako ntchito, kudzaona munda wa mbatatesi. Dzulo lake a Swaleyi anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Anati azunguwo mitala saifuna, akamva ntchito itha. Pa fomu pali mzere umodzi wa mkazi, ndiye analembapo Fiona poti amatha Chingerezi. Ine ndikhale mlongo wawo, tsiku limodzi lokha, Sakina aziti amalume. Ndinangoyang'ana pansi.

Tsikulo ndinasambitsa alendo m'manja. A Swaleyi anandiloza, amvekere uyu ndi mlongo wanga, bere limodzi. Mayi wachizungu anafunsa kudzera mwa Fiona ngati ndili pabanja. Achemwali, ndinapukusa mutu, ine mwini wake. Munda umene anaujambula ndinalima ndine, koma pachithunzi anaimapo a Swaleyi ndi Fiona.

Nkhani inawafika a Shehe. Anati kutchula mkazi wako mlongo pagulu si masewera, a Swaleyi asalowe m'nyumba mwanga mpaka atalapa ndi kusala miyezi iwiri. A Swaleyi anaseka, akuti nzachikale zimenezo. Kusala sanayambe. Kwanga sanabwerenso. Masiku anga awiri akakwana ndimasesabe, nkuyala mphasa bwino, kenako nkuipinda.

Talaka, mawu ondisudzula, sanandipatse, koma mwamuna ndilibe.

Chonde bwerani mudzandiperekeze kwa ankhoswe athu, amalume a Twaibu. Ndekha mawu akandithera pakhosi. Ndikufuna a Swaleyi anene chimodzi pamaso pa akulu: ndine mkazi wawo, kapena andimasule.

Ndikanapirira ndithu, koma dzulo Sakina anaona a Swaleyi akudutsa pa njinga yamoto. Anathamangira kumsewu nakuwa kuti amalume, moni! Bambo akewo anangokweza dzanja, osaima, osamukonza. Mwanayo anabwerera akumwetulira, nandifunsa ngati wanena bwino. Ndinati inde.

Allah akusungeni. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Amayi musawauze kaye.

Ndine mng'ono wanu,
Lukiya

Ndamaliza Lachisanu, 11 koloko, anthu akupita kumzikiti.