Malisiti anga awambidwa ngati mlamba

Aphungu,

Ngati munatsikako mapiri a ku Thabwa n'kumva hutala ikulira mpaka anyani kugwa m'mitengo, ameneyo ndinali ine. Ndine dalaivala wa thiraki. Msewu wa ku Beira umandidziwa, maenje ake amachita kundipatsa moni. Ndinayendetsera anthu ena mpaka imvi kuyamba, kenako ndinagula thiraki yangayanga, yokalamba koma yomvera kuposa ana a masiku ano. Ndimapita ndi thonje kapena nandolo, pobwera feteleza. Sukulu ndinalekera panjira, koma kubweza thiraki chambuyo ndikhoza kuphunzitsa ndi aprofesa omwe.

Lero ndabwera kwa inu chipewa chili m'manja.

A msonkho andilembera kuti akufuna kudzaona za bizinesi yanga. Akuti zonse zimene ndinanena kuti ndinawonongera dizilo, matayala, amakaniko ndi zipata za mumsewu, ndionetse malisiti ake. Ndikapanda kuonetsa, atenga ngati zimene ndinalandira zonse ndi phindu. Msonkho wa pamenepo, Aphungu, ndiye kuti thiraki yapita.

Malisitiwo ndinali nawo, musandiyese wosasamala. Anali odzaza katoni, pansi pa bedi. Koma m'dzinja lapitali madzi analowa m'nyumba, paja kuno madzi sagogoda. Ine ndinali pamzere ku Tete. Mkazi wanga Ethel, make Zikani, ndi mwana wa asodzi a ku dambo la Ndinde, ndipo amachita geni ya nsomba. Anayamba kupulumutsa katoni yanga, ufa n'kutsalira m'madzi. Mapepala anali atanyowa kale, dzuwa kulibe. Ndiye anachita zimene amayi ake anamuphunzitsa pa chinthu chonyowa chimene sukufuna chiwole: anakoleza moto mu uvuni wowambira nsomba, n'kuyala malisiti pa waya, lililonse palokha, akutembenuza mwaulemu ngati mlamba wa oda.

Aphungu, timapepala ta pa filing'i yothirira dizilo timeneti sitigwirizana ndi moto. Tonse tinada bii! Anapulumuka ndi a amakaniko okha olembedwa ndi bolopeni, koma fungo lake, amphaka a m'mudzi monse akumabwera kudzandithandiza kuwerengera.

Nditafika Ethel anandichingamira akulira, amvekere, "Bambo a Zikani, ndakupherani galimoto." Ine ndinaseka n'kunena kuti, "Make mwana, mukanathirako ndi mchere womwe tikanakagulitsa ku Nchalo." Tsiku limenelo anamwetulira pang'ono. Koma chibwerere kalata ya a msonkho, kuseka kunatha. Mkazi amene akaseka agalu a kwa Tengani amauwa, lero akungotola chakudya ngati mpheta. Ndikamufunsa akuti, "Ndiri pyadidi," kunena kuti ali bwino, koma ndikuona chitenje chikuzungulira kawiri. Wayamba kale kufunsa mitengo ya mbuzi zake, akuti agulitse andithandize.

Tsono pali mnzanga Humphrey, dalaivala mnzanga. Iye akuti akudziwa mnyamata wina mu tauni amene ali ndi makina otulutsa lisiti la filing'i iliyonse, deti lililonse, chidindo ndi chilichonse. Anandiuza kuti, "Achimwene, dizilo munaguladi, si bodza. Tingobwezeretsa mapepala basi. Alamu ayambenso kudya." Mawu omalizawo ndi amene andilowa. Ine sindiopa munthu, ndinagonapo pakati pa njovu tayala litaphulika, koma kumuona Ethel chonchi, ndayamba kuwaganizira mawu a Humphrey.

Ndiye mafunso anga ndi awiri. Kodi ndipite kwa mnyamata wa Humphrey? Chachiwiri, ulendo uliwonse ndimamugulira Ethel nsalu. Kodi nsaluzo sizingalowe m'gulu la zowonongera bizinesi? Chifukwa kunena zoona injini yeniyeni ya thirakiyi ndi iyeyo.

R.M., Bangula

A R.M.,

Ndiyambe ndi losavuta. Nsalu ayi. Pitirizani kugula, muwonjezere ndi duku, koma zichokere m'thumba lanu. A msonkho amavomera zimene zawonongedwa kuti thiraki iyende ndi kubweretsa ndalama. Injini imene mukunenayo ndikuilemekeza, koma m'mabuku mwawo mulibe malo ake.

Za Humphrey, ayinso, ndipo iyi ndi ayi wamkulu. Panopa ndinu munthu amene mapepala ake anaonongeka ndi madzi. Mukatenga za mnyamatayo mukhala munthu amene wapereka mapepala achinyengo ku boma. Nkhani ziwirizi sizifanana. Lisiti lililonse lili ndi nambala, ndipo ofufuza akhoza kukafunsa pa filing'i pomwepo. Limodzi lokha likapezeka labodza, ngakhale enieni a bolopeni aja sadzawakhulupiriranso.

Chimene akufuna ndi umboni woti ulendo unachitika ndipo ndalama zinatuluka. Umboni sukhala m'katoni mokha. Pitani kwa amene mumawanyamulira thonje ndi nandolo, mukapemphe makope a mapepala a katundu, iwo amasunga. Pa filing'i pamene mumathira kawirikawiri, kaonaneni ndi manijala, osati wothira mafuta, akufufuzireni. Ngati munkalipira pa foni kapena kudzera ku banki, katengeni sitetimenti. Pasipoti yanu ili ndi zidindo za m'malire, ndipo zikusonyeza tsiku limene munatuluka ndi limene munalowa. Wogulitsa matayala nayenso ali ndi buku lake. Malisiti akudawo musataye ngakhale limodzi. Ena mukawayang'anitsa powala amaonekabe pang'ono, ndipo onse pamodzi ndi mboni ya zimene zinachitika. Pemphaninso kalata kwa akuluakulu a m'dera lanu yotsimikiza kuti nyumba yanu inalowa madzi.

Musadikire kuti a msonkho akupezeni. Pitani ku ofesi yawo tsiku lisanafike, mufotokoze, mupereke kalata yopempha nthawi yosonkhanitsa makope, ndipo kope la kalatayo akudindireni musunge. Pezani wowerengera ndalama wovomerezeka akuthandizeni kusanja zonse ulendo ndi ulendo. Mudzamulipira, inde, koma ndi wotchipa kuposa thiraki. Mukakalowa mu ofesimo, nkhani za anyani ndi njovu muzisiye panja. Kumeneko mukakokomeza chimodzi, amakayikira khumi.

Sindikulonjezani kuti avomera zonse. Mwina zina azikana ndipo mulipirapo kanthu. Zikatero funsani ngati mungalipire pang'onopang'ono, thiraki ikugwirabe ntchito.

Kuyambira ulendo ukubwerawu, lisiti likangofika m'manja, lijambuleni pa foni musanalize injini. Timapepala timeneti timafufutika tokha ngakhale popanda uvuni, makamaka ndi kutentha kwa kwanuko. Mukatisiya pa dashibodi, mwezi sutha. Mukafika kunyumba pangani fotokope, muike m'chigubu chotseka bwino, pamwamba. Funsaninso a msonkho kuti muzisunga kwa zaka zingati.

Tsopano za mayi a Zikani. Nthabwala zanu ndazikonda, koma pano sizikuwafika. Iwo akuganiza kuti mukuseka pofuna kubisa mkwiyo. Khalani nawo pansi, muwauze mosaseka kuti sanalakwe, kuti mayi amene amasiya ufa m'madzi n'kunyamula mapepala a mwamuna wake ndi wofunika kumuthokoza. Muwaletse kugulitsa mbuzi. Kenako muwapatse ntchito: popita kwa ogula thonje ndi ku filing'i, akwere nawo kutsogolo, mafayilo agwire ndi iwo. Munthu amene akudziimba mlandu sachira ndi kumunyengerera, amachira akaona manja ake akukonza chimene chinaonongeka.

Chenjezo langa ndi ili. Mukuti mukufuna kupita kwa mnyamata wa Humphrey kuti akazi anu ayambenso kudya. Taganizani tsiku limene mapepalawo adzagwidwe, thiraki italandidwa, inu muli m'manja mwa apolisi. Mayi a Zikani sadzatchula Humphrey. Adzati, "Ndawamangitsa ndine." Pamenepo, bambo, ngakhale mutakhala oseketsa chotani, mudzakhala kutali, ndipo sipadzakhala wowauza kuti adye.

Aphungu