Ndagwa Pasikelo

Wokondedwa mlongo wanga Teleza,

Amanijala athu anatiuza pamsonkhano kuti pa esiteti ino palibe amene amadwala yekha, pakuti tonse ndife banja limodzi. Tinaomba m'manja. Kaya iwe uli bwanji ku Kasunguko, ndi alamu a Edson ndi ana? Ine ndilipo, pang'ono.

Paja kuwonjezera pa ukalaliki anandiphunzitsa kuthandiza othyola tiyi akakomoka. Ndimawadziwa asanagwe. Munthu amayamba kuyasamula, thukuta kamukamu, n'kumati m'maso mwachita mdima, m'makutu mukulira. Ndimamugoneka pamthunzi, miyendo pamwamba pa dengu, akatsitsimuka ndimamufunsa. Wina sanadye chidyere dzulo. Wina ndi dzuwa. Wina waimirira mwadzidzidzi atamwa mankhwala a BP. Mayi Jean anakakamira kuti awo ndi malungo. Malungowo pano akukwawa.

Anatiphunzitsanso kuti kulipo kugwa kwina kosachenjeza. Munthu ali chikhalire, mtima ungothamanga, basi ali pansi. Kumeneko akuti osazengereza nako, pakuti kungakhale kwa mtima.

Kumeneko ndiko ndagwa ine, Teleza. Lachiwiri, ndili pampando pasikelo yoyezera tiyi, nditadya bwinobwino. Aka si koyamba. Koyamba ndinali m'nyumba, ndinagwa ndekha n'kudzuka ndekha.

Nditatsitsimuka ndinaona anthu ataima patali, ena atatseka mphuno ndi zitenje. Akuti miyendo inagwedera pang'ono, ndiye wina anakuwa kuti khunyu, thawani angakuphwisireni. A Blackson, amene ndinawabereka kumsana chaka chatha atakomoka m'munda, anandikankhira botolo la madzi ndi ndodo. Ndinawauza kuti khunyu anthu sapatsirana, ndipo zanga sizikuoneka ngati zimenezo. Anati ee achimwene, tamva, uku akubwerera m'mbuyo.

Kuchipatala akuti ndipite ku Blantyre akandiunike mtima, koma ndipite ndi gadiyani, pakuti mwina akandigoneka, komanso ndingagwere m'minibasi. Atandifunsa dzina la wondiperekeza ndinayang'ana pakhomo nthawi yaitali. Chimwalirire mlamu wako ndilibe woti ndimutchule.

Ndikudziwa kuti ino ndi nyengo ya fodya ndipo manja ako akufunika kumunda. Komabe pempha alamu akulole ubwere. Ndikuopa, Teleza.

Undiperekere moni kwa ana onse. Ambuye akusungeni.

Ndine mlongo wako,
Winston

Kukantini kapu yanga aimanga kansanza kofiira. Ikukhala payokha pawindo.