Jekete la Atate

Lachinayi, mwezi wa Ogasiti, Matero

Lero kunali mphepo ya fumbi, ndipo ndayenda tsiku lonse ngati ndili m'tulo. Pasipoti ndi viza zili m'chikwama, mankhwala a chifuwa ndagula. Chinatsala ndi chovala chothana ndi chisanu cha kutsidya kwa nyanja, kumene ndikupita Lolemba kukaphunzira. Chisanucho ndimangochidziwa m'mabuku.

Ndinkafuna jekete la malemu atate. Azakhali, alongo awo, andipeza ndikumasula mtolo wa zovala zawo.

"Iwe mwana, vovala va malemu sitigwira tikalibe kugawa," atero. "Yembekeza bakulu babwere kuchoka ku Chipata mwezi wamawa."

Mwezi wamawa ine ndidzakhala nditapita. Andiperekeza kumsika wa salaula, wa zovala zovalidwa kale, tagula jekete lina lotuwa, lonunkhira sopo wa anthu osawadziwa.

Pobwerera alonjeza kuti adzandinenera pogawa. Koma atate aang'ono ali ndi mapewa ofanana ndi a atate, jeketelo lidzawakwana bwino. Ndikadzabwera, n'kuwaona chakumbuyo akudikira minibasi atalivala, mwina ndidzaponya chikwama pansi n'kuthamanga poyesa kuti ndi atate, ndipo iwo akadzatembenuka...