Foni ya Alamu

14 Okutobala

Okondedwa achimwene,

Landirani moni wochokera kwa mng'ono wanu. Ine ndili bwino, ndanenepa mpaka mpando wa m'shopu yanga yometera wayamba kudandaula.

Ntchito munandipatsa ija yatheka. Munati akazi anu asiye zandale asanakuchititseni manyazi. Asiya, ndipo sadzayambiranso ngakhale mutawagwadira.

Paja mukulidziwa gulu lawo la pafoni lija, la amayi odandaula za mipopi youma. Linakula, achimwene! Alamu ankajambula zidebe zopanda madzi, kenako thanki ya akhansala ikusefukira, n'kuponya m'gulumo, anthu n'kumagawana mpaka mafoni kutentha. Anapangana zoguba Lachisanu kupita ku ofesi ya akhansala, aliyense chidebe pamutu, alamu patsogolo.

Koma nzeru zonse zija, foni amatchajitsa kwa ine, ndipo nambala yotsekulira ndinawaikira ndine. Lachinayi anaisiya pashelefu, pakati pa mafuta ndi malumo, n'kupita kukasoka. Ndinasiya kasitomala mutu uli theka, n'kulemba m'gulumo ngati ndine iwo: "Amayi anzanga, zoguba zalephereka. Ndakumana ndi akhansala patokha, andisamalira bwino. Aliyense adzionere yekha." Ndinaikanso kankhope koseka, kenako n'kufufuta uthengawo mbali yawo yokha kuti asauone. Luso, achimwene! Sukulu ndinaithawa, koma pafoni ndine pulofesa.

Lachisanu alamu anaima pamsewu ndi chidebe chawo, atatchena, n'kupeza agalu okhaokha. Anadikira mpaka thukuta kamukamu. Kenako amayi anabwera, koma osati kudzaguba. Anawazungulira. Mayi wogulitsa makala uja, mnzawo wapamtima, anati, "Tatiuzani asisi, anakusamalirani bwanji? Madzi a m'thanki aja anakusambitsani okha?" Wina anawalanda chidebe n'kuchiponda. Alamu kulumbira, amayi kuwaonetsa uthenga, nambala yawo, chithunzi chawo chomwe. Ine ndili pakhomo la shopu ndinaseka mpaka kukhala pansi. Wina anajambula zonse, ndipo kanemayo wafika kutali kuposa za mipopi zija.

Pano amayi onse anakatenga nsalu zawo kwa alamu, zina zosokedwa theka. Makina angoti zii. Madzi sanabwerebe, koma zimenezo si zanga.

Choseketsa kwambiri ndi ichi. Dzulo alamu anabwera kushopu, maso ali psuu, n'kunena kuti, "Alamu, inu mumadziwa za mafoni, ndithandizeni kupeza amene wandichita zimenezi." Ine ndinadziguguda pachifuwa, ndati, "Alamu, munthu ameneyo ndimugwira ndi manja awa." Anandithokoza chogwada, achimwene, pamaso pa makasitomala!

Ndiye musaiwale jekete lachikopa munalonjeza lija. Likhale la kolala yaikulu, loyenera munthu wa mbiri.

Amayi athu akupereka moni, miyendo ikuwavutabe. Mwana wanu wamkazi akupereka moni. Masiku ano akukana kupita kusukulu, akuti anzake amamuonetsa kanema uja, koma azolowera. Alamu nawonso akupereka moni. Akuti ngakhale dziko lonse liwakane, bola inu mumaudziwa mtima wawo, ndipo Lamlungu akuimbirani kuti angomva mawu anu. Mudzawayankhe mwachifundo, achimwene, koma musadzaseke. Ine zinandivuta.

Ndine mng'ono wanu,
Wometa mabwana