Chimodzi Kuno, China Kumudzi

Braunstone,
Leicester.
12 Julaye, 2023.

Okondedwa Mayi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ndipo mwendo uja wasiya kukuzunzani. Kuno tonse tili bwino, ine, mkamwini wanu Absalom ndi mdzukulu wanu Tiffany. Kalatayi ndapatsira Chrissie, mnzanga wa kuntchito amene akubwera kumeneko kutchuthi, ndipo ndikulemba ndi chimwemwe chodzaza tsaya.

Koma ndiyambe ndi mlandu wanu, Mayi. Mlongo wanga Harry wakuululani. Chaka chatha tinakutumizirani filimu imene mkamwini wanu anajambula, inu pafoni n'kumati, "Eee, yokoma zedi, bambowa ali ndi luso." Chonsecho simunaonereko n'komwe! Harry ananditumizira chithunzi: chimbale chija chili lende pachingwe pamwamba pa khola, chikunyezimira padzuwa kuopseza kabawi kuti asatole anapiye. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, kenaka ndinalira, chifukwa ndinadziwa kuti simunafune kumuchititsa manyazi mkamwini wanu.

Vuto silinali lanu. Absalom anavutika nayo filimu imeneyi kwa zaka. Akaweruka kuntchito yake yosenza makatoni ija, ankathamangitsana ndi anamwino ndi ife osamalira okalamba kuti tichite sewero lake, tulo tili m'maso. Itatha, anaiika pa mtundu watsopano wa zimbale wotchedwa Blu-ray, umene umaonetsa mpaka thukuta la pamphuno. Nditamufunsa za DVD wamba anati, "Quality, Fyness. Anthu akufuna quality." Sanafunse n'komwe kuti anthuwo ali ndi makina otani. Deki yanu ija sikanatha kuwerenga chimbale chotere, ndipo kunonso ambiri ankangochitembenuza n'kuchibweza. Safunsa anadya phula.

Zimbalezo zinali pashelufu m'golosale ya a Gaffar ku Spinney Hill. A Gaffar ndi mmwenye wobadwira ku Limbe, Chichewa chawo n'chakupsa kuposa cha mdzukulu wanu. Anapirira miyezi yambiri, kenaka anati, "Achimwene, fumbi lokhalokha apa. Chikatha chikondwerero cha ufulu, pashelufu imeneyi ndiikapo usipa." Absalom anabwera kunyumba nkhope ili yakugwa, n'kulengeza pa intaneti kuti kamera yake akugulitsa. Anasiya kuimba posamba, Mayi. Mwamuna amene ankatisokosera m'mawa uliwonse anangoti zii, ndipo ndinachita mantha kuti akaigulitsa kamerayo, ndidzakhala ndi munthu wina m'nyumba muno.

Tsiku lina ndikugula nsomba ndinaonetsa chithunzi cha khola lanu kwa a Noorjahan, akazi awo a Gaffar. Anaseka mpaka kugwira pakauntala. Atapuma anati, "Koma amuna akowo sakudziwa anthu akwawo? Ine pano sindinaonepo Mmalawi akugula chinthu chimodzi. Mafuta odzola mumagula awiri, tochi ziwiri, nsalu ziwiri. China chanu, china cha kumudzi."

Ndinakwera basi mawu amenewo akuzungulira m'mutu. Pofika pa Braunstone ndinali nditadziwa chochita. Ndinamuuza Absalom kuti m'kabokosi kamodzi tiikemo zimbale ziwiri: Blu-ray ya kuno ndi DVD ya kumudzi. Anakana kwamtuwagalu, ati DVD imaonetsa nkhope ngati zili m'chifunga. Ndinati, "Bambo a Tiffany, bola nkhope ya m'chifunga kusiyana ndi iyi," n'kumuonetsa chithunzi chija. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anafunsa motsitsa mawu, "Nanga anapiyewo apulumuka?" Tinaseka tonse, ndipo mawa lake anakapangitsa ma DVD.

Loweruka lapitali Amalawi tinasonkhana muholo ina kukumbukira tsiku la ufulu. Ena anachokera ku Nottingham, ena ku Derby. Tinayala timabokosi tathu patebulo pafupi ndi amayi ogulitsa mandasi. Woyamba kubwera anali a Tuntufye a ku Hyson Green, omwe aja anatinyoza chaka chatha kuti masiku ano mafilimu amaonera pafoni. Anatsegula kabokosi, n'kuona zimbale ziwiri.

"Chinachi n'cha chiyani?"

"N'cha kumudzi," ndinatero. "Chinacho muonere kuno. Chimalowa ngakhale m'makina a magemu a ana aja."

A Tuntufye anapisa dzanja m'thumba. "Amayi anga ku Karonga za bandulo sazidziwa, koma deki ali nayo. Ndipakireni titatu, sister."

Basitu, Mayi, anthu anangoti unyinji. Wina akufuna cha azakhali ake ku Ntcheu, wina cha apongozi ake ku Mulanje, mayi wina wa ku Zambia naye ali m'kati kukankhana. Pamene gule amayamba, patebulo panali patatsala nsalu yokha. A Gaffar anagwira Absalom paphewa n'kunena kuti, "Shelufu ndi yako, achimwene. Usipa ndiuika pansi." Kamera sakugulitsanso, ndipo m'bafa phokoso layambiranso. Sindinadziwe kuti nyimbo zosalongosoka zingandikomere chonchi! Chrissie akudandaula kuti chikwama chake chadzaza ndi ma DVD a anthu, koma chanu ndachikulunga ndekha m'mpango wanu watsopano.

Tsono ndili ndi pempho. Chaka chinonso sitibwera, zatchuthi sizinayende monga ndinkaganizira, ndipo musafunse zambiri. Koma Chrissie akafika, Lamulungu lotsatira mukabwerako kutchalitchi, Harry atchaje batire n'kukuikirani filimuyo. Adzandiimbire, ifenso kuno tidzaika chathu nthawi yomweyo. Mudzandiona ndikusewera ngati mayi wosambitsa okalamba a eni pamene mayi ake ali kutali. Sindinavutike kuloweza mbali imeneyo.

Chakumapeto mudzatchere khutu. Mudzaona kamtsikana katavala diresi yachikasu kakugogoda pachitseko. Ameneyo ndi Tiffany, amene munangomunyamula kamodzi ali wakhanda, amene pafoni amakuyankhani m'Chingerezi. Mufilimumo akulankhula mawu ochepa chabe, ndipo anawaphunzira yekha mpaka anawakhoza: "Agogo, tsegulani, ndabwera."

Mundiperekere moni kwa Harry ndi kwa onse pakhomo. Chimbale chakale chija chisiyeni pakhola, chapeza ntchito. Chatsopanochi ndiye chikhale pafupi ndi inu, ndipo mukatisowa, muzingotitsegulira.

Ndatha ine mwana wanu wokusowani,
Fyness.