Maina Khumi a M'buku la Abusa Kanyenda

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WA KOMITI YAIKULU YA MPINGO WA UTHENGA WA MTENDERE, LIFUWU

Tsiku: Loweruka, 19 Okutobala 2024
Malo: Pakhonde la tchalitchi, chifukwa m'kati munali ngati mu uvuni
Opezeka: Bambo Anderson Makwinja (wapampando), Mayi Lena Chikuse (mlembi), Mayi Eveles Msosa, Bambo Pitala Kambalame, Bambo Macdonald Chipala, Abusa Lodwick Kanyenda
Osapezeka: Mayi Jacqueline Mbewe (ali kumaliro ku Chitala)

1. KUTSEGULA

Msonkhano unayamba 2:20 masana ndi pemphero la wapampando, lomwe linali lalifupi koyamba chiyambire chaka chino.

2. MAPHUNZIRO A ABUSA

Abusa anadziwitsa komiti kuti akhoza digiri yawo yachiwiri ya Baibulo ndi zaumulungu, ija amati masitazi. Mayi Msosa anaimba nthungululu mpaka mbuzi zimene zinagona kuseri kwa tchalitchi zinabalalika. Wapampando anavina. Atakhala pansi anapempha kuti kuvinako kusalembedwe, koma komiti inakana.

Abusa anati buku lawo la kafukufuku, lonena za mmene Akhristu akunyanja amapempherera usodzi, lisindikizidwa sabata yamawa. Limodzi likhala ku laibulale ya koleji, lina libwera kuno. Wapampando anapereka ganizo loti abusa azilalikira atavala gauni ndi chipewa chake mwezi wonse wa Novembala. Abusa anati ndi dzuwa la ku Salima lino, mpingo ungadzatole gauni yokha pagome, mwini wake atasungunuka. Komiti inagwirizana za Lamulungu limodzi.

3. NKHANI YA MAINA

Mayi Msosa anafunsa tsamba limene pali dzina lawo, poti auza kale mwana wawo wa ku Joni kuti mayi ake alowa m'buku la Chingerezi. Abusa anayankha kuti anthu khumi a mumpingo amene anawafunsa mafunso, kuphatikizapo mamembala onse a komiti ino, alembedwa ndi manambala, malinga ndi lamulo la koleji. Mayi Msosa ndi Wofunsidwa Wachisanu.

Apa panabuka phokoso. Mayi Msosa anati, "Abusa, ine ndinakuphikirani tiyi kawiri, n'kulankhula mpaka batire ya foni yanu kutha. Ndiye mundisandutse nambala ngati boti?" Bambo Kambalame anati iwo sanalembedwepo m'buku lililonse kupatula la ubatizo, ndipo momwemonso dzina lawo analiphonya. Mlembi naye anadandaula, ndipo sakubisa.

Abusa anati koleji imalola dzina lenileni ngati mwini wake asayina fomu. Manja anakwera m'mwamba, ena awiriawiri. Koma abusa anapempha kuti komiti iyambe yamva vuto lake. Anati mmodzi mwa anthu khumiwo anawauza kuti kwa zaka zisanu ndi ziwiri ankamangirira chithumwa ku khoka la chilimira la banja lake uku akudya Mgonero, chifukwa ana ankagona ndi njala ndipo ankaona ngati pemphero lokha likuchedwa. Anachitaya kalekale. Mawu ake ndiwo mtima wa bukulo, ndipo aphunzitsi akukoleji anawayamikira koposa ena onse. Iye anawalankhula atalonjezedwa kuti sadzadziwika.

Bambo Chipala anati palibe chovuta: asanu ndi anayi asayine, iyeyo akhale nambala. Mayi Msosa anayamba kuwerenga zala, kenaka anati, "Inu a Chipala, Lifuwu yonse ikudziwa makomo khumi amene abusa analowa ndi foni. Maina akatuluka asanu ndi anayi, wotsalayo amupeza ngakhale ana a Sande sukulu."

Bambo Chipala anakumbutsa komiti kuti lamulo la mpingo limati wogwira chithumwa aimitsidwe pa Mgonero, ndipo dzina lake lilengezedwe Lamulungu. Anafunsa abusa kuti munthuyo ndani. Abusa anati angalole kubweza digiriyo kusiyana n'kumutchula.

Mayi Msosa anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Anafunsa Bambo Chipala ngati pa zonse zimene iwo anauza foni ya abusa palibe chimene angachite nacho manyazi chitawerengedwa pagome. Bambo Chipala anayang'ana nsapato zawo kwa kanthawi, n'kubweza ganizo lawo. Mayi Msosa anati dzina lawo akulipereka nsembe, ngakhale zikuwawawa ngati kuzula dzino, ndipo wa ku Joni amuuza kuti Chingerezi chinalimeza. Komiti yonse inavomera kuti pasapezeke wosayina, ndipo wapampando akalankhula ndi Mayi Mbewe komanso ofunsidwa ena anayi amene si a komiti.

4. MAINA ONGOPEKA

Bambo Kambalame anafunsa ngati m'malo mwa manambala koleji ingalole maina ongopeka. Abusa anati inde. Kuchokera apa msonkhano unavuta kulemba.

Wapampando anasankha Nebukadinezara. Abusa anati dzinalo likhale loti munthu angalipeze pa doko. Wapampando anatsika n'kufika pa Solomoni, koma Bambo Kambalame anati iwo analiganiza kale. Anakangana kwa mphindi khumi, mpaka Bambo Chipala anafunsa kuti mwa awiriwo ndani akauze mkazi wake kuti wasankha dzina la mwamuna wa akazi mazanamazana. Dzinalo linasowa mwini.

Mayi Msosa anasankha Scholastica, n'kupempha kuti abusa achotseko zaka khumi ndi zisanu pa msinkhu wawo, poti munthuyo ndi wongopeka kale. Abusa anakana. Mlembi wasankha dzina lake, koma salilemba muno, ndipo maina onse amene anavomerezedwa aperekedwa kwa abusa papepala lopinda. Bambo Kambalame atamva dzina la mlembi anaseka mpaka anagwa pa benchi.

5. ZINA NDI ZINA

Wapampando anafunsa ngati digiri yachitatu ilipo. Abusa anati ilipo, ya udokotala. Komiti inawalamula kuti ayambe apuma.

Msonkhano wotsatira udzakhala Loweruka, 16 Novembala 2024, nthawi ya 2 koloko masana.

6. KUTSEKA

Wapampando anati aliyense amene wakhudzidwa atseke ndi pemphero. Mmodzi wa ife anaimirira n'kunena kuti, "Ambuye, zaka zonsezi ndakhala ndikuopa anthu awa..." n'kulekera pomwepo. Palibe anatsegula maso. Wina anatola pempherolo pomwe linagwera, winanso n'kupitiriza, mpaka aliyense anaikapo mawu ake ndipo abusa anati ameni.

Mlembi sanalembe amene anayamba. Amene anationa tikutsika pakhonde asavutike n'kuwerenga zala, chifukwa tonse asanu ndi mmodzi maso anali ofiira.

Msonkhano unatha 4:50 madzulo.

Anderson Makwinja, Wapampando ____________

Lena Chikuse, Mlembi ____________