Sopo wa Phulusa la Nandolo

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Kuno ku Ngokwe tilipo, ngakhale mvula yatizunza chaka chino.

Ndiyambe ndi zabwino. Mng'ono wanga Patuma anachira, mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Ali ndi mphuno yanu, komanso ukali wanu akachedwa kuyamwa. Thonje linadyedwa ndi mbozi, koma nandolo wabereka mpaka nthambi kugunda pansi.

Tsopano zinazo. Amuna anga a Twaibu, mkamwini wanu uja munkamuyamikira ulemu, anachoka titangomaliza sadaka yanu. Anakakwatira wina ku Ntaja, komwe amapalasa kabaza. Tsiku lodzatenga zovala anaima pakhomo n'kundiuza kuti, "Udzanditsatira wekha sopo akadzatha m'nyumba muno." Sopo anathadi, Amayi. Mbale zodyera mlamba zinkanunkha ngakhale nditazikwecha ndi mchenga, ndipo mdzukulu wanu Shakira anayamba kuchita manyazi kuitana anzake kudzadya. Koma ku Ntaja sindinapondeko.

Ndinakumbukira mmene munkachezera chidulo m'chitini chobowola, ndi mawu anu aja akuti, "M'nyumba mwanga phulusa silitayidwa." Ndinatentha makoko a nandolo, n'kusefa madzi a phulusalo, n'kuwaphika ndi mafuta otsala pokazinga mandasi. Ulendo woyamba madziwo anali aukali kwambiri. Manja anasupuka, moti Shakira ndiye ankandimanga chitenje. Azakhali anaseka, amvekere chisoni chandizunguza mutu. Kulira ndinalira, inde, koma manja atapola ndinayatsanso moto.

Wondithandiza anali mayi wina wogulitsa mandimu pamsika wa Balaka. Ataona zipsera zanga anandifunsa, ine n'kumufotokozera. Anati ndiziphika pamoto wochepa, ndizitakasa osatopa mpaka zilimbe ngati phala, ndipo makoko a mandimu ndizithira pomaliza. Amayi, mukanaona thovu lake! Paukwati wa mwana wa a shehe mwezi watha, mapoto onse ndinatsuka ndine, ndipo amayi ophika anandizungulira, aliyense ndi kabotolo kake. Azakhali omwe aja anabweretsa awiri.

Sabata yatha a Twaibu anatulukira ndi ankhoswe awo. Kuja zavuta, mkazi uja wawatulutsira katundu panja. Malume a Jafali akuti ndiwalandire, chifukwa nyumba yopanda mwamuna anthu saiopa. Ndinagwada mwaulemu monga munandiphunzitsira, koma ndinayankha pamaso pa onse. Ndinati, "Malume, bambo atamwalira, nyumba ino anaimanga ndi mlongo wanu, dothi anaponda yekha. Ndani analowamo osaodira?" Alendowo ndinawaphikira mpunga, chifukwa inu simunkabweza munthu ndi njala. Atamaliza kudya ndinawaperekeza mpaka pamsewu, chikwama cha a Twaibu ndinanyamula ndine kuti chisatsale.

A Twaibu akuti abweranso kudzakambirana za Shakira, ati wakula, alipo mwamuna wamufunsira. Abwere. Mwanayo ali folomu 2, ndipo masamu akuwaposa anyamata onse m'kalasi mwake.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani. Ndikulonjeza kuti Shakira sachotsedwa pasukulu ine ndili moyo, ngakhale manja awa asupukenso.

Ndine mwana wanu,
Asiyatu